Mafunso ndi mayankho: liwu la Chingerezi lakuti "run" ndi matanthauzo ake

Ndimaphunzitsa Chingerezi madzulo kwa anthu akuluakulu kuno ku Lusaka. Ambiri amafika ataweruka kuntchito, fumbi likadali kumapazi: ogulitsa pamsika, alonda, madalaivala ndi makondakitala a maminibasi, komanso anyamata ndi atsikana ofuna kulembanso mayeso a Giledi 12. Pa mawu onse amene timapunthwa nawo, palibe limene limabwerabwera ngati kaliwu ka zilembo zitatu aka, "run". Tonse tinauzidwa tili ana kuti ndi kuthamanga. Munthu umakula nazo choncho, kenako n'kukumana nako pa fomu, kuchipatala, m'nyuzipepala ndi pafoni, pamalo poti palibe ndi mmodzi yemwe amene akuthamanga. Mafunso ali apawa ndi amene ophunzira anga amandifunsa kawirikawiri.

Kodi "run" si kuthamanga basi?

Kuthamanga ndiye tanthauzo loyamba, ndipo ndi loona. Muzala Samukonga atatibweretsera mendulo ya bulonzi kuchokera ku Olympics ya ku Paris mu 2024, chiganizo choyenera chinali chakuti "He ran the 400 metres in 43.74 seconds." Chimodzimodzi Samuel Matete, amene anatenga golide ku Tokyo mu 1991 pa mpikisano wa mamita 400 wodumpha zotchinga. Apa palibe chosokoneza: miyendo, mpweya, liwiro.

Vuto limabwera munthu akaganiza kuti liwuli lathera pomwepo. M'kalasi mwanga muli mayi wina amene amagulitsa tomato ndi anyezi pa Soweto Market. Tsiku lina anabwera ndi fomu yopemphera ngongole, ataipindapinda n'kuisunga m'thumba la pulasitiki kuti isanyowe. Mizere yonse anali atadzaza ndi dzanja lawo, kupatula umodzi wakuti "How long have you been running your business?" Anauloza ndi chala n'kunena kuti, "Aphunzitsi, apa ndasiya dala. Ine sindine wa mumsewu, ndili ndi thebulo langa mumsika." Iwo anamva ngati funsolo ndi la ogulitsa oyendayenda m'tauni, aja amanyamula katundu n'kuthawa akaona a khonsolo, ndipo anaopa kuti akalembapo kanthu adzinamizira okha. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, bizinesi yanuyi mwaiyendetsa zaka zingati?" Anati zisanu ndi zinayi. Ndinati, "Lembani 9 years. Akufunsa zomwezo."

Kuyambira tsiku limenelo, wophunzira aliyense watsopano ndimamuuza chinthu chimodzi: mukaona "run" pamalo poti kuthamanga sikukumveka, yesani kuikapo kuyenda kapena kuyendetsa. Ife timati bizinesi ikuyenda, madzi akuyenda m'ngalande, wotchi yasiya kuyenda, akuluakulu akuyendetsa mwambo wa maliro. Zinthu zimene ife timati zikuyenda, Mngelezi amati zikuthamanga. Kusiyana kwakukulu ndi komweko, ndipo mukakugwira bwino, mbali yaikulu ya mavutowa yatha.

Nanga matanthauzo ake onse ndi angati?

Mu 2011 akonzi a dikishonale yaikulu ya Oxford English Dictionary atamaliza kukonzanso gawo la liwuli, anawerenga matanthauzo 645. Kumeneko n'kuwerenga "run" ngati mneni yekha, osaphatikizapo pamene ali dzina. Kale liwu limene linkadziwika kuti ndi la matanthauzo ambiri linali "set", lomwe m'dikishonale yomweyo ya 1989 linali ndi 430.

Ndikatchula nambala imeneyi ena amagwa mphwayi, koma musataye mtima. Ngakhale wobadwira ku London sawadziwa onse. Ambiri ndi a anthu apanyanja, osindikiza mabuku, alenje, ndipo ena anasiya kugwiritsidwa ntchito kalekale. Amene mungakumane nawo pa moyo wa tsiku ndi tsiku ndi ochepa kwambiri poyerekeza.

Ndiponso tisamaone ngati Chingerezi chokha ndicho chili ndi khalidwe limeneli. Taganizani za liwu lathu lakuti kumva. Timamva mawu, timamva njala, timamva fungo, timamva chisoni, wina amamva Chibemba koma sayankhula, ndipo mwana wosamva makutu ake ali bwinobwino. Kudya nakonso: timadya nsima, msungichuma wadya ndalama za gulu, dzimbiri ladya malata, galimoto imadya mafuta. Mlendo wophunzira Chinyanja amazizwa akamva kuti nsima yapsa, anthu n'kumasamba m'manja mokondwa, chifukwa dzulo lake anamva kuti nyumba yapsa anthu akulira. Palibe wa ife amene analoweza mndandanda wa matanthauzo a kupsa. Tinangowatola m'ziganizo, limodzilimodzi, ndipo "run" naye amaphunziridwa chimodzimodzi.

Zinatheka bwanji kuti liwu limodzi lisenze katundu yense ameneyu?

Ndi lakale kwambiri, lapitirira zaka 1,000. M'Chingerezi chamakedzana linkalembedwa "rinnan" kapena "irnan", ndipo kuyambira pachiyambi linkanena zinthu ziwiri: kuthamanga kwa munthu kapena nyama, ndi kuyenda kwa madzi. Chijeremani, chomwe ndi chachibale ndi Chingerezi, chikadali ndi mawu awiri osiyana, "rennen" la kuthamanga ndi "rinnen" la kuyenda kapena kuchucha kwa madzi. Kenako kunabwera mainjini, sitima, mafakitale ndi makompyuta, ndipo chilichonse chatsopano chimene chinkayenda chosaima chinkabwereka liwu lomweli. N'chifukwa chake lero pulogalamu ya pakompyuta nayo amati "it is running".

Ndimamva "run a shop", "run a school", "run the country". Zonsezi ndi chimodzi?

Inde, ndi kuyendetsa. Pamene "run" watsatidwa ndi chinthu chimene chili ndi anthu, ndalama kapena dongosolo mkati mwake, ndiye kuti wotchulidwayo ndi amene akuchiyang'anira. "My aunt runs a kantemba in Chawama" ndiye kuti azakhali ndi amene amatsegula, kupikula katundu ndi kuwerenga ndalama madzulo. "Who runs this clinic?" akufunsa kuti ndani amayendetsa kilinikiyi, boma kapena mpingo. Mukawerenga "government-run" kapena "church-run" patsogolo pa dzina la sukulu, akukuuzani zomwezo.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: woyendetsa si mwini nthawi zonse. Munthu angathe kunena kuti "I run the shop but my brother owns it", shopu ndi ya achimwene, ine ndimangoiyendetsa. Pa fomu ya kubanki kapena ya msonkho, mafunso awiriwa amatha kubwera padera, ndiye musayankhe limodzi ngati kuti ndi linalo.

Koma kuyendetsa galimoto muli pachiwongolero si "run", ndi "drive". Munthu akati "He runs three buses", ndiye kuti ali ndi mabasi atatu amene akumugwirira ntchito pamsewu, mwina iye alibe ndi laisensi yomwe.

Ndiye ndikafuna kunena kuti galimoto ikuthamanga, ndingati "the car is running"?

Ayi, ndipo apa ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene chilankhulo chathu chimatipereka m'manja mwa cholakwa. "The car is running" amatanthauza kuti injini yayaka, ikulira. Galimotoyo ikhoza kukhala itaima pageti, dalaivala akumwa tiyi. Makaniko akakuuzani kuti "It is running well now", akunena kuti injini yakonzeka, ikugwira bwino ntchito. "Leave the engine running" ndi kuti musaizimitse.

Mnyamata wina wa m'kalasi mwanga ndi kondakitala pa minibasi ya ku Chelstone. Basi yawo inagundidwa kumbuyo pa Great East Road, ndipo mwini basi anamuuza kuti alembe zimene anaona. Anandibweretsera pepalalo asanakapereke, lolembedwa bwino ndi bolopeni ya buluu pa tsamba long'amba m'kope. Pakati pake panali mzere wakuti "The other car was running." Ndinamufunsa kuti ankafuna kunena chiyani. Anati, "Aphunzitsi, inali kuthamanga maningi, ndiye chifukwa inalephera kuima." Mfundo yonse ya lipoti lake inali imeneyo, koma papepala sinalipo. Wowerenga akanangomva kuti galimoto inayo injini yake inali yoyaka, zomwe sizithandiza dalaivala wake m'pang'ono pomwe. Tinafufuta n'kulemba kuti "The other car was speeding." Mukhozanso kunena kuti "It was going too fast."

Kuthamanga kwathu kuli ndi ana ake amene Chingerezi sichiwadziwa. Kuthamanga kwa magazi si "running blood", ndi "high blood pressure", BP imene tonse timaitchula. Mtima ukamathamanga amati "My heart is beating fast" kapena "My heart is racing." Wotchi yothamanga amangoti "The clock is fast", ngakhale "running fast" imamvekanso. Kuthamangitsa munthu ndi "chase". Pamene timakumana bwinobwino ndi pa kuthamangathamanga: "I have been running around all day" ndi zomwezo timanena tikabwera kunyumba madzulo titazungulira maofesi tsiku lonse.

Bwanji za madzi ndi zinthu zina zamadzimadzi?

Ili ndi tanthauzo lakale lija, ndipo ndi losavuta kwa ife chifukwa nafenso timati madzi akuyenda. "The Kafue runs into the Zambezi", Kafue amathira mu Zambezi. "The tap is running", mpope ukutuluka madzi, kaya wina wausiya wosatseka. Pa chikwangwani cha nyumba ya lendi mukaona "running water", akutanthauza madzi a m'mipope, osati okatunga pachitsime kapena ogula pa kiyosiki. Musanalipire, funsani ngati mpopewo uli m'nyumba kapena panja, chifukwa mawuwo paokha sanena zimenezo.

Mwana wa chimfine amati "His nose is running" kapena "He has a runny nose." Misozi ikamatsika m'masaya, "Tears ran down her face." Ndipo amayi ogula zitenje ku Kamwala, funso lanu lija lakuti kodi chitenjechi sichitulutsa utoto pochapa, m'Chingerezi ndi lalifupi: "Does the colour run?" Kusuluka chifukwa cha dzuwa ndi kukalamba kwa nsalu ndi liwu lina, "fade".

Kodi "running stomach" ndi Chingerezi cholondola?

Kuno kwathu ndi m'maiko ena a mu Africa aliyense amamva kuti ndi kutsegula m'mimba, ndipo ine sindiletsa munthu kunena choncho pocheza. Koma liwu limene dokotala wa kulikonse angamve mosakayika, ndiponso limene limalembedwa pa khadi, ndi "diarrhoea". Ndi lovuta kulemba, koma liphunzireni.

Ndimalimbikira zimenezi chifukwa cha zomwe tinaona kumayambiriro kwa 2024, kolera itakula mpaka National Heroes Stadium kusanduka malo ogonekamo odwala, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Pa nthawi ngati imeneyo mawu ozungulira amataya nthawi. Nenani kuti wodwala watsegula m'mimba kangati, kuyambira liti, ndipo ngati akusanza. Ngati Chingerezi chikukuvutani, nenani m'Chinyanja. Palibe chamanyazi, ndipo kuchipatala si kumayeso.

Muli komweko mudzamvanso "run" m'njira zina ziwiri. "The child is running a temperature" kapena "running a fever" ndi kuti mwana watentha thupi. "We need to run some tests" ndi kuti akufuna kukuyezani, kaya magazi, mkodzo kapena makhololo. Palibe amene akuthamangitseni pabwalo.

"Run out" ndimaimva tsiku lililonse. Imagwira bwanji?

Ndi kutha kwa chinthu chimene chimagwiritsidwa ntchito pang'onopang'ono: unga, makala, mayunitsi a magetsi, bandulo ya intaneti, mankhwala, nthawi, ngakhale kuleza mtima. Pali njira ziwiri zoimangira. Mukayamba ndi chinthucho, mumati "The mealie meal has run out", unga watha. Mukayamba ndi munthu, pamafunika kaliwu kakuti "of": "We have run out of mealie meal", unga watithera. Ophunzira ambiri amaiwala "of" ameneyu, ndipo ndi cholakwa chimene ndimachonga kwambiri m'makope. Chinthu chikatsala pang'ono kutha amati "We are running low on charcoal" kapena "We are running short of time."

Pali msampha umodzi. "He ran out of the house" ndi "He ran out of money" zikuoneka zofanana, koma choyamba ndi munthu amene watuluka m'nyumba chothamanga, chachiwiri ndi munthu amene ndalama zamuthera. Yang'anani chimene chikubwera pambuyo pa "of". Ngati ndi malo oti munthu angatulukemo, ndi kuthamanga kwenikweni. Ngati ndi chinthu choti chingathe, ndi kutha.

Ambiri kuno timati "The sugar is finished." Zimamveka, ndipo pakantemba palibe amene angakudzudzuleni. Pa mayeso kapena m'kalata ya kuntchito, "has run out" imakhala bwino. Amene mumalandira mankhwala a mwezi ndi mwezi, sungani chiganizo ichi: "My medicine will run out on Friday." Ndi bwino kuchinena Lolemba kusiyana ndi Loweruka.

Pa nthawi ya masankho timamva "run for president", "running mate", "run-off", "rerun". Zimasiyana pati?

"Run for" ndi kuima pa chisankho. Angelezi a ku Britain amakonda kunena "stand for", zomwe zikufanana ndendende ndi kuima kwathu, pamene a ku America amati "run for". Manyuzipepala athu amagwiritsa ntchito zonse ziwiri. Onani kusiyana kwa "run for president" ndi "run the country": choyamba ndi kupikisana, chachiwiri ndi kulamulira utapambana.

"Running mate" linalowa m'makutu mwathu mu 2016, malamulo aakulu a dziko atasinthidwa. Kuyambira pamenepo, wofuna upulezidenti amasankhiratu womutsatira, ndipo awiriwo amavoteredwa pamodzi. Mu 2016 a Edgar Lungu anaima ndi mayi Inonge Wina, mu 2021 a Hakainde Hichilema anaima ndi mayi Mutale Nalumango. Kufunika kwake tikukudziwa ife amene tinavota mu 2008 a Levy Mwanawasa atamwalira, n'kudzavotanso mu Januwale 2015 a Michael Sata atamwalira. Pa lamulo latsopanoli, pulezidenti akamwalira ali pampando, wachiwiri wake amamaliza nthawi yotsalayo popanda chisankho china.

Lamulo lomwelo la 2016 linanena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Akapanda kupezeka wotero, awiri otsogola amapikisananso pasanathe masiku 37, ndipo chisankho chachiwiricho ndicho "run-off". Mu 2016 ndi 2021 sichinafunike, chifukwa wopambana anapitirira theka ulendo woyamba. "Rerun" ndi nkhani ina: ndi kubwereza chisankho chifukwa choyambacho chathetsedwa. Ndi zimene zinachitika kwa abale athu ku Malawi, khoti litathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, anthu n'kukavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho. Anthu ambiri amasakaniza mawu awiriwa, koma sali chimodzi.

Timawu ting'onoting'ono totsatira "run" timandisokoneza. Pali njira yachidule?

Njira yachidule palibe, koma timawuti tili ngati zija timawonjezera ife kumapeto kwa mneni. Kuthamanga, kuthamangira, kuthamangitsa: tsinde ndi limodzi, nkhani ndi zitatu. Chingerezi m'malo mowonjezera kumapeto chimaika kaliwu kena pambali.

"Run away" ndi kuthawa, ndipo n'zochititsa chidwi kuti ife tili ndi liwu lakelake pamene iwo amachita kulumikiza awiri. Munthu amene apolisi akumusakasaka amati ali "on the run". "Run after" ndi kuthamangira kapena kuthamangitsa chinthu chimene chikupita, monga basi imene yanyamuka, ndipo amanenanso za munthu wokonda kulondola akazi kapena ndalama.

"Run into" ili pawiri. "I ran into my old teacher at City Market" ndi kukumana mwadzidzidzi, osapangana. "The truck ran into a wall" ndi kugunda. Palinso "run into trouble", kugwa m'mavuto. "Run over" ndi yoopsa: "The child was run over", mwana wapondedwa ndi galimoto. Dalaivala akagunda munthu n'kuthawa, manyuzipepala amalemba "hit-and-run".

"Run up a bill" ndi kuunjika ngongole pang'onopang'ono, monga kabuku ka pakantemba kamene lero mwalembetsa shuga, mawa sopo, pofika kumapeto kwa mwezi n'kupeza kuti theka la malipiro lapita. "Run down" ndiye ili ndi nkhope zambiri. Batire likatha mphamvu, "it has run down". Nyumba yosasamalidwa, ya ming'alu ndi denga lodontha, ndi "a run-down house". Munthu wofooka chifukwa cha ntchito yambiri amati "I feel run down". Ndipo kumunena munthu zoipa pamaso pa ena ndi "to run someone down".

Ziwiri zothandiza kuntchito: "Let us run through it once more" ndi kubwereza mwachangu, monga kwaya imachitira mapemphero asanayambe. "Let me run it by the manager" ndi kuti ndiyambe ndakawafunsa abwana kuti ndimve maganizo awo. Mukauzidwa zimenezi pa ofesi, ndiye kuti yankho silinaperekedwe, sanakane ndipo sanavomere.

Ndilembe "ran" liti, "run" liti?

Lero "I run", dzulo "I ran", ndipo pambuyo pa "have", "has" kapena "had" limabwerera kukhala "run": "I have run", "The water had run out." Likuyenda ngati "come, came, come". Zolakwa zitatu zimene ndimaona m'makope ndi "runned", lomwe kulibe, "I have ran", ndi "Did you ran?" Pambuyo pa "did" lembani "run", chifukwa "did" wasenza kale nthawi yakaleyo. Powonjezera "ing" kapena "er", n amakhala awiri: "running", "runner".

Nanga katchulidwe? Kwa ine "run" ndi "ran" zimamveka chimodzimodzi.

N'zomveka, chifukwa chilankhulo chathu chili ndi mavawelo asanu okha, ndipo onse awiriwa amagwera pa a wathu. Potchula "ran" tambasulani milomo ngati mukufuna kumwetulira, liwu likhale pakati pa a ndi e. Potchula "run" milomo ikhale yomasuka, a wake wamfupi. Yesetsani kusawonjezera i kumapeto. Koma musavutike nazo kwambiri, chifukwa mawu ena a m'chiganizo monga "yesterday" kapena "every day" amamuuza womvera nthawi imene mukunena.

Pa wailesi ya mpira ndimamva "runners-up" ndi "a good run". Akutanthauza chiyani?

"Runner-up" ndi amene wathera pa nambala 2. Chipolopolo inali "runners-up" pa chikho cha Africa kawiri: mu 1974 itagonja kwa Zaire, ndi mu 1994 ku Tunisia itagonja 2-1 kwa Nigeria, chaka chimodzi chokha chitachitika ngozi ya ndege ya ku Gabon. Mu 2012 ku Libreville, titagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate, liwu limenelo linapita kwa anzathuwo. Onani kuti pochulukitsa, s amakhala pakati: "runners-up".

Apa "run" wasanduka dzina. "A good run" kapena "a run of five wins" ndi mndandanda wa masewera otsatizana amene timu yachita bwino. Chigoli chikalowa "against the run of play", ndiye kuti yagoletsa ndi timu imene inali yopanikizidwa. Timu ikatenga chikho "three years running", yatenga zaka zitatu zotsatizana.

Msewu sungasunthe. Bwanji amati "the road runs"?

Ifenso timati msewu uwu ukupita ku Chipata, chonsecho msewuwo uli pomwepo. "The Great East Road runs from Lusaka to Chipata", mtunda wa makilomita pafupifupi 570, kudutsa pa mlatho wa Luangwa. "The TAZARA line runs from Kapiri Mposhi to Dar es Salaam", makilomita 1,860. Waya wa magetsi, mpanda ndi paipi nazo zimatero.

Mabasi akakhala kuti akuyenda monga mwa nthawi zonse amati "Buses run every day from Intercity." Funso lakuti "Are the buses running today?" silikufunsa za liwiro, likufunsa ngati mabasi alipo pamsewu lero. Nthawi nayo imayezedwa chimodzimodzi: "The course runs for six months", maphunzirowo ndi a miyezi 6, ndipo "The contract runs until December" ndi kuti pangano lidzatha mu Disembala. Amene mukusaina mapepala a lendi kapena a ntchito, mzere umenewu muziuwerenga kawiri.

Pali ena ofunika amene sanatchulidwe?

"I am running late" ndi kuti ndachedwa koma ndikubwera, ndipo ndi mawu aulemu otumizira abwana mukakhala mwatsekeredwa pa Kafue Roundabout m'mawa. "Run errands" ndi kugwira timaulendo totumidwa, kukalipira madzi, kukagula ndiwo, kukasiya kalata. "In the long run" ndi pakapita nthawi, m'tsogolo muno. "It runs in the family" ndi zakumtundu, kaya ndi luso loimba kapena matenda a shuga, ndipo anamwino amafunsa funso limeneli kawirikawiri: "Does it run in your family?" Msewu umene ndege zimaterapo pa Kenneth Kaunda International Airport ndi "runway".

Kodi pa mayeso kapena m'kalata yofunsira ntchito ndingalembe "run", kapena ndi liwu lamumsewu?

Si lamumsewu. "I ran a grocery shop for four years" ndi chiganizo chabwino m'kalata iliyonse, ndipo ine ndimachikonda kuposa mawu ataliatali amene munthu walemba asakuwamvetsa. Mukafuna kusinthako kuti musabwereze liwu limodzi, "manage" imalowa m'malo pa nkhani ya bizinesi, "operate" pa makina, "flow" pa madzi. Zopewa m'kalata yaulemu ndi zija zocheza, monga "I have to run" potsanzika.

Ndikakumana ndi "run" amene sindinamuonepo, nditani?

Musathamangire dikishonale. Yambani mwafunsa kuti chimene chikuchita "run" n'chiyani, munthu, madzi, makina, msewu kapena nthawi. Kenako onani ngati pali kaliwu kotsatira monga "out", "into" kapena "over". Mukatero, yesani kuikapo kuyenda kapena kuyendetsa, mumve ngati chiganizo chikukhala.

Sabata yatha mlonda wina wa m'kalasi mwanga, bambo wachikulire ndithu, anandionetsa uthenga umene unatuluka pafoni yawo: "3 apps are running in the background." Batire linkawathera usiku asanaweruke, ndipo ankaganiza kuti foni yawonongeka. Sindinawamasulire. Ndinangowafunsa kuti, "Abambo, chikuchita run apa n'chiyani?" Anati ndi mapulogalamu a m'foni. Anakhala chete pang'ono, akuyang'ana pagalasi, kenako anati, "Ndiye kuti akuyenda okha kumbuyo, ine osawaona. Ndi amene akudya batire." Tinatseka awiri, WhatsApp n'kuisiya yokha chifukwa ndi imene abwana awo amawaimbirapo.